Mafunso ndi mayankho: kukhutira kwa ogwira ntchito ndi chikhalidwe cha m'kampani yaikulu

Awa ndi mafunso amene ogwira ntchito, akapitawo ndi mamanijala amafunsa mobwerezabwereza. Tayamba ndi osavuta, kenako okhudza kafukufuku, kawerengedwe ka zotsatira ndi mavuto akuluakulu. Pamene yankho lakhudza nkhani imene tafotokoza pena, takulozerani komweko.

Kodi chikhalidwe cha pa ntchito n'chiyani kwenikweni?

Ndi mmene zinthu zimayenderadi pakampani tsiku ndi tsiku, zomwe nthawi zambiri zimasiyana ndi zolembedwa m'kabuku kamene munthu amapatsidwa poyamba ntchito. Mukafuna kuchidziwa, yang'anani zinthu zinayi: amene amakwezedwa pa udindo, amene amachotsedwa ntchito, khalidwe loipa limene limalekereredwa chifukwa mwini wake amabweretsa ndalama zambiri, komanso zimene zimamuchitikira munthu amene wapita kwa abwana ndi uthenga woipa.

Edgar Schein, yemwe anaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya MIT ku America, anagawa chikhalidwe cha bungwe m'magawo 3. Pamwamba pali zooneka ndi maso: kavalidwe, kukula kwa maofesi, mmene anthu amaitanirana, amene ali ndi malo akeake oimikapo galimoto. Pakati pali mfundo zimene kampani imanena kuti imayendera, zija zimamatidwa pakhoma, monga chilungamo ndi ulemu. Pansi penipeni pali zimene aliyense amakhulupirira koma sazitchula, mwachitsanzo zoti abwana satsutsidwa pagulu, kapena zoti amene amaweruka nthawi yake ikakwana alibe mtima ndi ntchito. Gawo lapansili ndi limene limalamula zochita za anthu. Likasemphana ndi zapakhoma, ogwira ntchito amatsata lapansilo ndipo amasiya kukhulupirira chilichonse chimene akuluakulu amalengeza.

Kukhutira ndi ntchito ndi kudzipereka pa ntchito si chinthu chimodzi kodi?

Ayi. Munthu wokhutira alibe dandaulo lalikulu: malipiro amafika pa nthawi yake, sazunzidwa, ndipo sakufunafuna ntchito kwina. Wodzipereka amaposa pamenepo. Akaona cholakwika amachinena ngakhale sichili m'gawo lake, ndipo amathandiza mnzake watsopano asanauzidwe. N'zotheka kukhala wokhutira koma wogwa mphwayi, kungodikira mapeto a mwezi. N'zothekanso kukhala wodzipereka koma wosakhutira, ndipo anthu oterewa ndi amene kampani imawataya msanga, chifukwa makampani ena amawafuna. Kafukufuku wabwino amayeza zonse ziwiri padera.

Kodi kukweza malipiro sikungathetse madandaulo onse?

Kumathetsa ena, ndipo pamene malipiro ali otsika kuposa a makampani ena a ntchito yofanana, palibe china chingathandize mpaka nkhaniyo itakonzedwa. Koma ndalama zili ndi pothera pake. Mu 1959 Frederick Herzberg ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 m'dera la Pittsburgh ku America. Anapeza kuti zimene zimakwiyitsa anthu pa ntchito, monga malipiro, malamulo a kampani, kayang'aniridwe ndi malo ogwirira ntchito, n'zosiyana ndi zimene zimawapatsa mphamvu, monga kukwanitsa chinthu chovuta, kuyamikiridwa, kudaliridwa ndi kukula pa luso. Akatswiri ena anatsutsapo njira imene anagwiritsa ntchito, koma mfundo yake imaonekabe: malipiro akakwera dandaulo limaphwa kwa kanthawi, koma ntchito yotopetsa imakhalabe yotopetsa.

Chimene chimapweteka kwambiri pa nkhani ya ndalama ndi kuyerekeza. Munthu salingalira za malipiro ake okha. Amayang'ananso a mnzake wa desiki yoyandikana. M'makampani akuluakulu vuto lofala ndi ili: kuti akope anthu atsopano amawalemba pa malipiro a msika wa lero, pamene akale amangowonjezeredwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Mapeto ake munthu amene wakhala zaka 8 amaphunzitsa ntchito mlendo amene akulandira zofanana naye kapena zoposa. Nkhani yotereyi sibisika. Njira yake ndi kukhala ndi magiredi omveka, aliyense adziwe poyambira ndi pothera pa giredi yake, ndipo kamodzi pachaka kampani iunike malipiro a anthu a ntchito zofanana, kuphatikizapo kusiyana kwa amuna ndi akazi, n'kukonza pamene palibe chifukwa chomveka cha kusiyanako.

N'chifukwa chiyani m'kampani imodzi nthambi ina anthu ndi okondwa pamene ina akungothawa?

Chifukwa kampani yaikulu ilibe chikhalidwe chimodzi. Kwa wogwira ntchito wamba, kampani ndi munthu amene amamugawira ntchito, kumuvomereza tchuthi ndi kulemba lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito. Bungwe la Gallup, lomwe lafunsa ogwira ntchito mamiliyoni ambiri, limanena kuti pafupifupi 70 peresenti ya kusiyana kwa kudzipereka pakati pa magulu kumachokera kwa manijala wa gululo.

Gwero la vutoli ndi kakwezedwe. Katswiri wogulitsa malonda kapena injiniya waluso amapatsidwa anthu oti aziwayang'anira monga mphotho, popanda womufunsa ngati amafuna kapena kumuphunzitsa. Kampani imataya katswiri n'kupeza bwana wosadziwa chochita. Makampani amene anazindikira izi anakonza njira ziwiri zokwerera: ina ya utsogoleri, ina ya ukatswiri, zonse zofika pa malipiro apamwamba.

Kwa amene ali kale pa udindo, chida chotsika mtengo koma champhamvu ndi kukumana ndi aliyense wa m'gulu payekha, kwa mphindi 30, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Wogwira ntchito ndi amene abwere ndi nkhani. Manijala afunse chimene chikuchedwetsa ntchito, chimene iye angachotse panjira, ndi kumene munthuyo akufuna kufika. Alembe zimene walonjeza, ndipo mkumano wotsatira uyambe ndi malonjezowo. Mikumanoyi imafa pa zifukwa ziwiri: kuisintha tsiku mobwerezabwereza, zomwe zimauza munthu kuti ndi wosafunika, ndi kuisandutsa nthawi yongofunsa kuti ntchito yakutiyakuti yafika pati. Manijala wa anthu 25 sangakwanitse izi, choncho chiwerengero cha anthu pansi pa munthu mmodzi chiyeneranso kuunikidwa.

Kampani ingadziwe bwanji ngati anthu ake ali okhutira?

Pofunsa, komanso poyang'ana zimene anthu akuchita. Makampani ambiri amachita kafukufuku wamkulu kamodzi pachaka, wa mafunso 30 mpaka 50, ndi tikafukufuku tating'ono ta mafunso 5 mpaka 10 pakatipakati. Funso lililonse limalembedwa ngati chiganizo, monga “Ndimadziwa chimene ndikuyembekezeka kuchita pa ntchito yanga”, ndipo munthu amasankha kuyambira 1, kutanthauza kuti sakugwirizana nazo n'komwe, mpaka 5, kutanthauza kuti akugwirizana nazo kwathunthu. Funso limodzi lifunse chinthu chimodzi. Mukalemba kuti “Abwana anga ndi achilungamo komanso amandithandiza”, munthu amene abwana ake ndi achilungamo koma osathandiza sadziwa choyankha. Musasinthe mawu a mafunso chaka chilichonse, apo ayi simudzatha kuyerekeza. Ndipo musaiwale a m'mashifiti, oyendetsa galimoto ndi a m'fakitale amene alibe kompyuta: apatseni njira ya pafoni kapena pepala, m'nthawi ya ntchito.

Kumbali ya zochita, yang'anani chiwerengero cha osiya ntchito. Gawani nambala ya amene achoka pachaka ndi avereji ya ogwira ntchito onse, n'kuchulukitsa ndi 100. Kampani ya anthu 2,000 imene yataya 300 ili pa 15 peresenti. Nambalayo payokha sikuuzani zambiri mpaka muiphwanye: ochoka mwakufuna kwawo padera, ochotsedwa padera, ochoka asanathe chaka padera, komanso nthambi ndi nthambi. Anthu ambiri akamachoka m'chaka choyamba, vuto lili pa kalembedwe ka ntchito kapena kalandiridwe ka atsopano. Onjezerani kujomba kwa tsiku limodzilimodzi, ovataimu, masiku a tchuthi osatengedwa, ndi chiwerengero cha opempha kusamutsidwa kuchoka kwa manijala mmodzi.

Kodi eNPS imene timaimva m'misonkhano imawerengedwa bwanji?

Ndi muyezo wa mmene ogwira ntchito amaionera kampani yawo, ndipo imachokera pa funso limodzi: kuyambira 0 mpaka 10, kodi mungalimbikitse mnzanu kudzagwira ntchito pano? Oyankha 9 kapena 10 ndi oyamikira, oyankha 7 kapena 8 ndi apakatikati, ndipo oyankha 0 mpaka 6 ndi osakondwa. Mumachotsa peresenti ya osakondwa pa peresenti ya oyamikira, apakatikati osawawerengera. Mwa anthu 200, ngati 80 ndi oyamikira, 70 apakatikati ndipo 50 osakondwa, ndiye kuti 40 kuchotsa 25, yankho ndi 15. Zotsatira zimayambira pa -100 mpaka 100.

Njirayi inatengedwa ku muyezo wa makasitomala umene Fred Reichheld anaufalitsa mu 2003. Ndi yosavuta, koma siitchula chifukwa, ndipo pa gulu laling'ono imalumpha kwambiri: anthu awiri akasintha maganizo m'gulu la anthu 10, nambala imatha kusuntha ndi 20 kapena kuposa. Igwiritseni ntchito poona kumene zinthu zikulowera m'kupita kwa nthawi, limodzi ndi mafunso ena aja.

Amati mayankho athu ndi achinsinsi. Ndi zoona?

Zimatengera mmene kafukufukuyo wakonzedwera, ndipo muli ndi ufulu wofunsa musanayankhe. Pali mitundu iwiri. Wina sugwirizanitsa mayankho ndi dzina la munthu m'pang'ono pomwe. Wina umatumiza linki yosiyana kwa aliyense, kotero kampani yakunja imene ikuyendetsa kafukufuku imadziwa woyankha, koma imapereka kwa abwana zotsatira za magulu okhaokha. Mtundu wachiwiriwu ndi wofala m'makampani akuluakulu.

Chimene chimakutetezani ndi lamulo la chiwerengero chochepetsetsa: zotsatira za gulu siziperekedwa ngati oyankha sanafike 5, ndipo makampani ena amaika 10. Funsani ngati lamuloli limagwirabe ntchito munthu akamasefa zotsatira, chifukwa akaphatikiza nthambi, msinkhu, zaka za pa ntchito ndi zoti ndinu mwamuna kapena mkazi, angatsale ndi munthu mmodzi. Malo ena oonekera ndi ndemanga zolemba ndi mawu anuanu. Kalembedwe kanu kamadziwika, ndipo mukatchula nkhani imene inachitikira inu nokha mwadziulula. Manijala amene wayamba kufufuza kuti analemba zakutizakuti ndani ayenera kudzudzulidwa mwamphamvu ndi akuluakulu ake, chifukwa zikangochitika kamodzi, chaka chotsatira aliyense amangosankha 4 kuti akhale pa mtendere.

Tinayankha chaka chatha koma palibe chinasintha. Cholakwika n'chiyani?

Ili ndi funso limene limabwera kwambiri, ndipo dandaulo lake ndi lomveka. Kufunsa anthu maganizo awo n'kusachitapo kanthu kumawononga kuposa kusafunsa, pakuti kumawatsimikizira kuti mawu awo alibe ntchito.

Zotsatira zifike kwa ogwira ntchito pasanathe mwezi, zabwino ndi zoipa zomwe. Akuluakulu asankhe zinthu ziwiri kapena zitatu za kampani yonse, chilichonse chikhale ndi munthu wochiyang'anira, tsiku lomalizira ndi ndalama zake. Manijala aliyense akhale pansi ndi gulu lake, awaonetse zotsatira zawo, afunse tanthauzo lake, n'kugwirizana chinthu chimodzi choti akonze m'miyezi itatu. Zimene sizingatheke zinenedwe poyera pamodzi ndi chifukwa chake. Anthu amamvetsa yankho loti “chaka chino ayi” kusiyana ndi kungokhala chete. Chinthu chikakonzedwa, nenani momveka kuti chachokera ku zimene iwo ananena.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kulemba ndondomeko ya mfundo 20 imene palibe angaikwaniritse. Wachiwiri ndi kumangirira bonasi ya manijala pa nambala ya kafukufuku. Zikatero ena amayamba kunyengerera kapena kuopseza anthu sabata ya kafukufuku isanafike, nambala n'kukwera pamene zinthu sizinasinthe.

N'chifukwa chiyani anthu amaona vuto koma osalankhula?

Amakhala atawerengera. Phindu la kulankhula limapita kwa kampani ndipo limabwera mochedwa, pamene chilango chake chimagwera wolankhulayo tsiku lomwelo. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, pofufuza magulu a m'zipatala, anapeza chinthu chodabwitsa: magulu oyendetsedwa bwino ankaoneka ngati ali ndi zolakwitsa zambiri. Atafufuza mozama anaona kuti magulu amenewo ankanena zolakwitsazo momasuka, pamene ena ankabisa. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wake wodziwika bwino pa nkhani ya kumasuka kulankhula m'gulu popanda kuopa kunyozedwa kapena kulangidwa. Google nayo, pa kafukufuku wake wotchedwa Project Aristotle amene anayamba mu 2012 ndi kuunika magulu 180, inapeza kuti kumasuka kotereku ndiko kunali patsogolo pa zinthu zosiyanitsa magulu ochita bwino.

Chitsanzo chooneka ndi maso chili m'mafakitale a Toyota, kumene kwa zaka zambiri kunkapachikidwa chingwe m'mbali mwa mzere wopangira galimoto. Wogwira ntchito aliyense akaona vuto amakoka chingwecho, nyali imayaka, ndipo mtsogoleri wa gulu amabwera msanga kudzathandiza. Vuto likapanda kutha m'kanthawi kochepa, mzere umaima. Mphamvu ya dongosololi ili pa mmene mtsogoleri uja amafikira: amabwera kudzathandiza. Akanati azibwera ndi ukali, palibe akanakokanso chingwecho. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo manijala azikumbukira zimenezi pa mphindi yoyamba atamva nkhani yoipa, chifukwa gulu lonse limakhala likuyang'ana nkhope yake. Athokoze, afunse chinachitika n'chiyani asanafunse kuti wachita ndani, ndipo pa misonkhano azipereka maganizo ake pomaliza.

Kodi mabonasi ndi zolinga za malonda zingawononge chikhalidwe?

Zingathe, makamaka cholinga chikakhala chosatheka ndipo kulephera kukatanthauza kuchotsedwa ntchito. Mu September 2016 banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni zitadziwika kuti ogwira ntchito anatsegula maakaunti pafupifupi 2 miliyoni popanda chilolezo cha makasitomala, pofuna kukwanitsa ziwerengero zimene ankapatsidwa. Anthu pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa ntchito chifukwa cha nkhaniyi, ndipo mkulu wa bankiyo, John Stumpf, anatula pansi udindo mwezi wotsatira. Anthu zikwizikwi akalakwa mofanana m'nthambi zosiyanasiyana, gwero lake limakhala dongosolo limene akugwiriramo ntchito.

Njira inanso yovuta ndi yokakamiza manijala kusanja anthu ake kuti ena ndithu agwere m'gulu la olephera, ngakhale onse agwire bwino ntchito. Imachititsa kuti anthu azibisirana nzeru ndi kupewa kugwira ntchito ndi aluso anzawo. Microsoft inasiya njirayi mu 2013. Musanakhazikitse cholinga chilichonse, dzifunseni kuti munthu wothedwa nzeru angachikwanitse bwanji mwachinyengo, ndipo ikani muyezo wachiwiri wotchinga, monga madandaulo a makasitomala kapena katundu wobwezedwa.

Kutopa kotheratu ndi ntchito ndi matenda kapena ulesi?

Si ulesi. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linakufotokoza ngati vuto lochokera ku kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito kumene sikunasamalidwe, ngakhale silinakuike m'gulu la matenda. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutheratu mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima kapena kuyamba kuinyoza, ndi kutsika kwa kagwiridwe ka ntchito. Mu 2021 bungweli pamodzi ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la International Labour Organization linalengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40.

Maola si okhawo. Robert Karasek anaonetsa mu 1979 kuti ntchito yopweteka kwambiri ndi imene ili yochuluka koma munthu alibe mphamvu yosankha mmene aigwirire. Choncho maphunziro a mmene munthu angapumire bwino sakwanira ngati gulu la anthu 6 likugwira ntchito ya anthu 10. Unikani kuchuluka kwa ntchito, dzazani mipata ya amene anachoka, chotsani misonkhano yosafunika, lekani mauthenga a usiku, ndipo patsani anthu mpata wosankha okha zina mwa zochita zawo.

Nanga maphwando, masewera ndi mphatso za kumapeto kwa chaka?

Zimakometsa pamene maziko ali bwino. Pamene anthu akudandaula za kukondera kapena ntchito yochuluka, zimaoneka ngati kuwatseka pakamwa. Zisakhale zokakamiza, ndipo zichitike m'nthawi ya ntchito, poganizira olera ana ndi a m'mashifiti.

Ndikuzunzidwa ndi munthu waudindo amene akuluakulu amamukonda. Ndichite chiyani?

Lembani chilichonse tsiku lomwelo: deti, nthawi, malo, mawu enieni amene ananenedwa ndi amene analipo. Sungani mauthenga ndi maimelo. Werengani ndondomeko ya madandaulo ya kampani yanu, ndipo dandaulo liperekeni molemba kuti pakhale umboni wa tsiku limene munanena. Kampani yaikulu iyenera kukhala ndi njira zingapo: ofesi yoona za ogwira ntchito, manijala wa pamwamba pa bwana wanu, foni kapena tsamba lolandira madandaulo mwachinsinsi, ndi bungwe la ogwira ntchito kumene lilipo. Wofufuza asakhale munthu wa pansi pa woimbidwa mlanduyo. Mukayamba kubwezeredwa, monga kusinthidwa shifiti mwadzidzidzi kapena kupatsidwa lipoti loipa popanda chifukwa, lembaninso ndipo mukanene ngati dandaulo lachiwiri. Njira zamkati zikakanika, ofesi ya boma yoona za ntchito kapena loya angakuuzeni zimene malamulo a dziko lanu amanena.

Mu 2019 International Labour Organization inavomereza Pangano nambala 190 loletsa nkhanza ndi kuzunza pa ntchito, lomwe limakhudzanso ofunsira ntchito, ophunzira ntchito ndi zochitika pa maulendo a ntchito. Kwa akuluakulu, mlandu wa munthu wobweretsa ndalama zambiri ndi umene ogwira ntchito onse amauyang'anitsitsa, monga tanenera m'yankho loyamba.

Ndikufunsira ntchito. Ndingadziwe bwanji chikhalidwe cha kampani ndisanalowe?

Funsani mafunso amene yankho lake ndi chochitika chenicheni. Amene anali pa udindowu anapita kuti? Ndi angati m'gulu lino akwezedwa m'zaka ziwiri zapitazi? Chinasintha n'chiyani pambuyo pa kafukufuku womaliza? Pemphani kulankhula ndi amene adzakhale bwana wanu komanso mmodzi wa m'gulu lake. Pa masamba a pa intaneti monga Glassdoor, pamene ogwira ntchito amalemba ndemanga za makampani awo, musatengeke ndi ndemanga imodzi yaukali kapena yoyamikira mopitirira. Yang'anani dandaulo limene likubwerezedwa ndi anthu osiyanasiyana, makamaka a nthambi imene mukupitayo. Onaninso mmene akuchitira nanu panopa, ngati amasunga nthawi ndi kuyankha pa tsiku limene analonjeza.

Kusintha chikhalidwe cha kampani yaikulu kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Gulu laling'ono lingasinthe m'miyezi yochepa likapeza manijala wabwino. Kampani yonse imatenga zaka, chifukwa zikhulupiriro za pansi zija zinamangidwa ndi zimene anthu anaona mobwerezabwereza, ndipo zimasintha pokhapokha aonenso zatsopano mobwerezabwereza. Yambani ndi makhalidwe awiri kapena atatu otchulika bwino, monga lakuti dandaulo lililonse liyankhidwe pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Kenako sinthani zinthu zimene zimagwira khalidwelo: mafunso a pa intavyu, fomu younikira kagwiridwe ka ntchito, kawerengedwe ka bonasi ndi zoyenereza munthu kukwezedwa. Yembekezerani kuti m'chaka choyamba madandaulo olembedwa angachuluke, pa chifukwa chomwe chija chinaoneka m'zipatala za kafukufuku wa Edmondson, ndipo akuluakulu auzidwiretu zimenezi kuti asabwerere m'mbuyo poganiza kuti zinthu zaipiraipira.